Kodi Moyo wa Munthu Uyesedwa ndi Ciani?

Pa nchito yanga ya ulembi ku Boma, funso loyamba limene ndifunsa munthu ali yense ndi ili: munabadwa liti? Tsiku lina ndinafuna kulemba zaka za agogo ao a atate anga, mai wa Cisenga wa m'dziko la Mfumu Kambombo, m'cigwa ca Luangwa. Ndinapeza kuti dzina lao mulibe m'buku liri lonse, pakuti buku la msonkho linali kuwerenga amuna. Cotero ndinayamba kuyesa moyo wao ndi zazikuru zimene zinacitika m'dziko.

Iwo anali kunena kuti anali khanda la kumsana, anthu akali kugona m'malinga, pamene mbiri inamveka yakuti Angoni a Mpezeni agonja kwa Azungu. Cimeneco ndico caka ca 1898. Pamene maiko awiri anaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia mu 1911, iwo anali kamtsikana kopirikitsa mbalame m'munda. Pa nkhondo ya Ajeremani mwamuna wao anatengedwa kukasenza akatundu a asilikari monga mtengatenga. Nkhondo inatha mu November 1918, nabwerako iye, koma nthenda ya fuluwenza inamtenga asanakolole. Agogo anatsala ndi mwana mmodzi ndi khasu.

Kampani inapereka dziko ku Boma la Britain mu 1924. Citaganya cinadza mu 1953, nicitha mu 1963. Zonsezi zinawapeza akulima, ndipo panalibe wina anadza kuwafunsa maganizo.

Tsono wina angati: moyo wotere ndi wacabe, ngati udzu wongotengedwa ndi madzi. Inenso ndinayesa cotero, kufikira atate anandiuza za August 1964. Mwezi umenewo nkhondo ya pakati pa a mpingo wa Lumpa, wa Alice Lenshina, ndi anansi ao inafika ku Lundazi ndi m'cigwa mwathu, ndipo abale anaphana. Usiku wina mkazi wa Lumpa anafika ndi mwana, akuthawa. Agogo sanali a mpingo umenewo, koma anawabisa m'nkhokwe masiku atatu, natuma atate, ali mnyamata, kukawapatsa nsima. Kukadadziwika, nyumba ikadatenthedwa. Zoonadi akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Agogo anaona ufulu pa 24 October 1964, namwalira mvula za caka comweco.

Inu amene mwatsiriza sukulu mudziwa zaka zonsezi pamtima, ndipo mucita bwino. Koma zaka zionetsa kokha zimene zinagwera munthu. Sizinena cimene iye anasankha. Agogo sanasankhe msonkho, nkhondo kapena Citaganya. Cao ceniceni cinali citseko ca nyumba yao, ndipo anacitsekula.

Musanacoke kukafuna nchito, khalani pansi ndi okalamba a kwanu. Afunseni zaka, koma makamaka afunseni cimene anacita pa tsiku loopsa.