Kodi Mahomoni Amachotsera Munthu Liwongo?

MZINDA wa Bulawayo, ku Zimbabwe, uli ndi malo atatu odziŵika bwino kumene anthu amaperekedwako pamene zinthu zalakwika. Odwala m'thupi amapita nawo ku Mpilo, chipatala chachikulu chimene chinatsegulidwa mu 1958. Osokonezeka maganizo amawapereka ku Ingutsheni, kumene kwakhala kukulandira odwala otero chiyambire 1908. Ndipo oswa lamulo, atazengedwa mlandu, angatumizidwe kundende ya Khami, kunja kwa mzindawo.

Anthu ambiri amagaŵa mavuto a anzawo mwanjira yofananayo. Iwo amati uyu akudwala m'thupi, uyu wadwala mutu, koma uyo ngwoipa mtima basi. Aŵiri oyambawo amachitiridwa chifundo, pamene wachitatuyo amadzudzulidwa. Komano talingalirani za mayi wazaka za m'ma 50 amene kwa moyo wake wonse wadziŵika kukhala wofatsa. M'miyezi yoŵerengeka chabe iye wakhala wa mtima wapachala. Amakalipira adzukulu pazinthu zazing'ono, sagona tulo, ndipo wadana ndi anansi amene wakhala nawo mwamtendere kwa zaka 20. Kodi iye ali m'gulu liti? Ngati dokotala apeza kuti chochititsa ndicho mahomoni, kodi mawu opweteka amene mayiyo analankhula salinso mlandu wake?

Amithenga Osaoneka a m'Mwazi

Mahomoni ndiwo timadzi tamphamvu timene tiziŵalo tina ta m'thupi timatsanulira m'mwazi. Mwaziwo umatinyamula kumka nato kuziŵalo zakutali, kumene timakapereka malangizo. Kunsi kwa ubongo kuli kachiŵalo kotchedwa pituitary, kaukulu wonga nsawawa, kamene kamalamulira tiziŵalo tinzake tingapo. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiŵalo ka adrenal, kotulutsa adrenaline ndi cortisol, mahomoni amene amakonzekeretsa thupi kulimbana ndi ngozi kapena kuithaŵa. Kapamba amatulutsa insulini, imene imatheketsa shuga wa m'mwazi kuloŵa m'maselo. Ndipo kutsogolo kwa khosi kuli chithokomiro, kachiŵalo kolemera pafupifupi magalamu 20, kamene anthu ambiri amangokadziŵa pamene katupa.

Chithokomiro chimaika liŵiro limene thupi limagwirira ntchito. Mahomoni ake atachuluka, mtima umagunda mofulumira, manja amanjenjemera, munthu amatuluka thukuta ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo amaonda ngakhale kuti akudya kwambiri. Amakhalanso wankhaŵa ndi wosachedwa kupsa mtima. Mahomoniwo atachepa, zonse zimachita ulesi. Munthu amamva kuzizira, amanenepa, amaiŵalaiŵala, amachita tondovi, ndipo ntchito imene kale anali kuitha m'maŵa umodzi imamtengera tsiku lonse. Kwa wopenyerera wosadziŵa, wodwala woyambayo amaoneka wandewu, ndipo wachiŵiriyo amaoneka waulesi.

Pamene Nthenda Ifanana ndi Khalidwe Loipa

Madokotala eniwo anatenga nthaŵi yaitali kuti azindikire zimenezi. Mu 1891 dokotala wa ku England, George Murray, anabaya mkazi wina wazaka 46 jekeseni wa timadzi totengedwa m'chithokomiro cha nkhosa. Mkaziyo, amene nthenda inamsandutsa wolefuka ndi wochedwa kulankhula, anatsitsimuka nakhala ndi moyo zaka zina 28. Ndiyeno mu 1949 Richard Asher, dokotala wa ku London, anafalitsa nkhani ya odwala 14 amene anaonedwa kukhala amisala. Ena anali kumva mawu a anthu osakhalapo, ndipo ena anali kuganizira anzawo kuti akuwachitira chiwembu. Onsewo anali ndi chithokomiro chosagwira bwino ntchito, ndipo atapatsidwa mahomoni osoŵekawo, ambiri a iwo anakhalanso ndi maganizo abwino. Nchifukwa chake lerolino madokotala kaŵirikaŵiri amapima chithokomiro cha munthu amene khalidwe lake lasintha popanda chifukwa chodziŵika.

Zochitika za ku Zimbabwe zinasonyeza kuti kanthu kochititsa kusintha kotero kangakhale kochepa kwambiri. Kuti chithokomiro chipange mahomoni ake, chimafunikira ayodini. Munthu wachikulire amafunikira pafupifupi mamaikulogalamu 150 patsiku, mlingo wochepa kwambiri kwakuti wa moyo wake wonse ungakwane m'kasupuni ka tiyi. Komabe, kufufuza kochitidwa m'dziko lonselo mu 1988 kunasonyeza kuti oposa 40 peresenti ya ana a sukulu anali ndi chithokomiro chotupa chifukwa cha kusoŵa ayodini. Kusoŵa kumeneku nkwangozi makamaka kwa mwana wosabadwa, pakuti kungawononge ubongo wake kwa moyo wonse.

Mankhwala ake anali osavuta: kuthira ayodini mumchere. Mchere wochuluka wodyedwa m'Bulawayo ndi kwina konse m'Zimbabwe umagulidwa kumaiko ena, monga Botswana, ndipo kuchiyambi kwa ma 1990 mchere wothira ayodini unafala m'masitolo mofulumira kwambiri. Ana miyandamiyanda anatetezeredwa. Koma mu 1995 madokotala a ku University of Zimbabwe analemba m'magazini ya zamankhwala ya The Lancet kuti odwala nthenda ya kuchuluka kwa mahomoni a chithokomiro anawonjezeka kwambiri. Ambiri anali achikulire amene zithokomiro zawo, pozoloŵera njala ya ayodini kwa zaka zambiri, zinayamba kugwira ntchito mopambanitsa pamene mwadzidzidzi zinalandira wochuluka. Mu 1996 World Health Organization ndi mabungwe anzake anatsitsa mlingo wa ayodini woyenera kuthiridwa mumchere.

Odwala amenewo sanasankhe kukhala ankhaŵa kapena osagona tulo. Iwo anangodya ndiwo zothira mchere monga wina aliyense. Chotero munthu woona mtima ayenera kuvomereza mfundo yoyamba iyi: mmene munthu akumvera mumtima kaŵirikaŵiri sikuli chinthu chimene iye wasankha, ndipo nkulakwa kumuimba mlandu kaamba ka zimenezo.

Kusonkhezera Sikuli Kukakamiza

Kodi pamenepa tinganene kuti munthu ali chabe kapolo wa mwazi wake? Ena amafika pachigamulo chimenecho mofulumira. Mwamuna wachiwawa amati ndimo mmene amuna analengedwera. Wachichepere wachisembwere amati thupi ndilo likumlamula. Koma dzina lenilenilo la timadziti limapereka lingaliro losiyana. Wasayansi wa ku Britain Ernest Starling analigwiritsira ntchito poyera kwanthaŵi yoyamba mu 1905, akumalitenga kuliwu lachigiriki lotanthauza kudzutsa kapena kusonkhezera. Kusonkhezera moto ndi kuufikitsa padenga la nyumba zili zinthu ziŵiri zosiyana.

Talingalirani za testosterone, homoni imene ambiri amati ndiyo magwero a ukali. Ofufuza a ku University of Zurich, ku Switzerland, anapatsa akazi ena homoni imeneyi ndipo ena anawapatsa mankhwala opanda mphamvu iliyonse, popanda kuwauza kuti ndani walandira chiyani. Ndiyeno anawapempha kugaŵana ndalama ndi munthu wina. Zotulukapo zake, zofalitsidwa m'magazini ya Nature mu 2010, zinali zodabwitsa. Akazi amene analandiradi testosterone anagaŵa mwachilungamo kuposa enawo. Koma awo amene anangokhulupirira kuti ailandira, kaya anailandira kapena ayi, ndiwo amene anagaŵa mwadyera. Kufufuza kumodzi sikuthetsa nkhani yonse. Komabe, kumavumbula kanthu kena kodziŵika bwino ponena za mtima wa munthu: pamene wapeza chodzikhululukira, amafulumira kuchigwiritsira ntchito.

Umboni wina umaoneka tsiku ndi tsiku. Anthu aŵiri angakhale ndi nthenda imodzimodziyo, ndipo onse angamve mkwiyo ukukwera m'chifuŵa ndi mphamvu yofanana. Wina amatuluka panja kufikira mtima utatsika, pamene winayo amaponya mbale. Ndiponso, ambiri amene amati sakhoza kudziletsa kunyumba amatha kudziletsa pamaso pa bwana wawo kapena wapolisi. Ngati mkwiyo umadziŵa kusankha munthu woukira, ndiye kuti mwiniwakeyo adakali ndi ulamuliro pamlingo winawake. Kudziletsa kungakhale kovuta kuŵirikiza kakhumi kwa wodwalayo, ndipo zimenezo zimachepetsadi liwongo lake. Koma chinthu chovuta sichili chofanana ndi chinthu chosatheka.

Pamene Nzeru Zachokeratu

Nzoona kuti nthaŵi zina nthenda imalandiratu munthu nzeru. Ubongo umadalira shuga wa m'mwazi mphindi iliyonse. Ngati wodwala nthenda ya shuga adzibaya insulini ndiyeno osadya, shugayo angatsike kwambiri kwakuti munthuyo amasokonezeka, amalankhula monga woledzera, mwinanso kumenya amene akuyesa kumthandiza. Atatsitsimuka, sangakumbukire kalikonse. Kodi iye ali ndi mlandu?

Khoti la apilo la ku England linalingalira funso limeneli mu 1973, pamlandu wodziŵika ndi dzina lakuti Quick. Namwino wina wamwamuna wodwala shuga anavulaza wodwala amene anali kumsamalira. Tsikulo iye anali atadzibaya insulini, kumwa moŵa, ndi kudya pang'ono chabe. Khotilo linafafaniza chigamulo chakuti ngwolakwa, popeza kuti khoti loyamba silinalole kuti ipendedwe mfundo yakuti mwina iye anachita zimenezo mosazindikira. Koma oweruzawo anawonjezera chenjezo lofunika. Anasonyeza kuti munthu sangadzikhululukire ndi kusokonezeka kumene akanatha kukuoneratu, monga ngati kuja kobwera chifukwa cha kumwa moŵa monyalanyaza uphungu wa dokotala kapena kusadya panthaŵi yake pamene akugwiritsira ntchito insulini.

Pano pagona mfundo yachiŵiri. Nthenda siithetsa thayo la munthu, koma imalisamutsira pamalo ena. Munthu sangayankhe mlandu wa zimene anachita pamene nzeru zake zinachoka. Komabe, angafunsidwe zimene anachita pamene nzeruzo zinalipo. Kodi anapita kukapimidwa pamene a m'banja lake anamchonderera? Kodi amamwa mankhwala ake mokhulupirika? Kodi woyendetsa basi wodwala shuga amanyamula chakudya paulendo wautali wochokera ku Bulawayo kumka ku Beitbridge? Zosankha zazing'ono zimenezi, zopangidwa panthaŵi yabata, ndizo zimene chikumbumtima chabwino chimayang'ana.

Mbali ya Wodwala, Mbali ya Achibale

Kodi zonsezi zimatanthauzanji m'banja? Kwa wodwalayo, zimatanthauza choyamba kuti sayenera kudzizunza ndi liwongo kaamba ka malingaliro amene sanawaitane. Mkazi amene amalira popanda chifukwa atangobala mwana, kapena amene mtima wake umasinthasintha pausinkhu wa kusiya kusamba, sali wofooka kapena wosayamikira. Thupi lake likusintha kwambiri, ndipo ngati chisonicho chikhalitsa, iye afunikira chithandizo cha dokotala.

Chachiŵiri, zimatanthauza kuti kupepesa kudakali koyenera. Munthu amene waponda chala cha mnzake mumdima sanachite dala, komabe amapepesa, chifukwa chakuti ululuwo ngweniweni. Mofananamo, mwana amene wakalipiridwa mopanda chilungamo amavulala mumtima, kaya chochititsa chinali chithokomiro kapena nkhanza. Kholo limene limamuuza kuti, "Mwanangu, sunalakwe, ndikudwala ine, ndipo ndikufunafuna chithandizo," limalongosola nthendayo popanda kubisala kumbuyo kwake.

Achibale ndi mabwenzi nawonso ali ndi thayo. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pamene munthu wodziŵika ndi khalidwe labwino asintha mwadzidzidzi, nzeru ndiyo kuyamba mwafunsa za thanzi lake asanampatse dzina loipa. Kodi waonda kapena kunenepa mosadziŵika bwino? Kodi akumva ludzu nthaŵi zonse ndi kukodza pafupipafupi? Kodi khosi lake latupa? M'madera ambiri kusintha kotero kumachititsa anthu kuganizirana ufiti, ndipo mabanja agaŵanika chifukwa cha nthenda imene kupima mwazi kukanaivumbula. Zimenezo nzomvetsa chisoni kwambiri chifukwa chakuti nthenda zambiri za mahomoni zimachiritsika kapena kulamulirika. Kambulu kamodzi ka thyroxine patsiku kamabwezeretsa nyonga kwa anthu mamiliyoni ambiri, ndipo insulini yakhala ikupulumutsa miyoyo chiyambire 1922.

Komabe, kuleza mtima sikutanthauza kulekerera chiwawa. Ngati wodwala aika ena pangozi, banja liyenera kutetezera ana ndi ofooka pamene likumfunira chithandizo. Ndipo ngati iye akana mankhwala mouma khosi kwinaku akumagwiritsira ntchito dzina la nthendayo monga chikopa, okondedwa ake samthandiza mwa kukhala chete. Kulankhula naye mosabisa mawu, mwaulemu ndi panthaŵi yabata, kulinso chifundo.

Muyezo Woyenera

Chotero funso lakuti kaya mahomoni amachotsa liwongo silingayankhidwe ndi inde kapena ayi wamba. Iwo amalichotsa kotheratu m'zochitika zoŵerengeka pamene nzeru zasokonezeka popanda kunyalanyaza kwa mwiniwake. Amalichepetsa m'zochitika zambiri. Ndipo m'zochitika zina samalikhudza nkomwe, akumangotchulidwa monga chodzikhululukira. Vuto nlakuti wopenyerera kaŵirikaŵiri sangadziŵe motsimikiza kuti mnzake ali pati, pakuti palibe amene amamva kulemera kwa katundu amene ali pamutu pa wina.

Pachifukwa chimenecho, munthu wanzeru amasamala ndi chizoloŵezi chofala cha kudziyesa yekha ndi muyezo wofeŵa ndi kuyesa ena ndi muyezo wouma, akumatcha mkwiyo wake kutopa koma wa mnzake nkhanza. Iye amatembenuza zimenezo. Ponena za iye mwini, amafunsa kuti ndi mbali iti imene idakali m'manja mwake, ndipo amaichita. Ponena za mnzake, amalola kuti pangakhale nkhondo ina m'mwazi imene maso sangaione, ndipo amamperekeza kukapimidwa asanamweruze.