Agogo aiwala dzina langa, koma Allah sanawaiwale



Lero tikambe nkhani yomwe ambiri timachita nayo manyazi.

Ndimakhala ku Nkolokosa ndi agogo anga onse awiri. Agogo aakazi ali ndi matenda oiwalaiwala, aja madokotala amati dimenshiya. Munthu yemwe ankandimvetsera ma surah ndikaweruka ku madrassah, lero amandifunsa kuti, "Kodi inu ndinu mwana wa ndani?" Amene amawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi amuna awo, agogo aamuna.

Ramadhan yapitayi zinthu zinasintha m'masiku awiri okha. Anayamba kukuwa usiku, kuona anthu omwe palibe, kufuna kuthawa m'nyumba. Pa mpopi anthu anali atayamba kale kunong'ona za ufiti. Kuchipatala atayeza mkodzo anapeza matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo kanali kachitatu. Chinakulitsa vuto n'choti ankakana madzi ati akufunga, ife n'kumangoti Masha Allah. Tinkayamikira chinthu chimene chinkawapweteka.

Ustadhi wathu anatikumbutsa kuti munthu amene nzeru zake zachoka sakakamizidwa funga. Tikawerenga Surah An-Nahl ayah 70 tipeza kuti Qur'an inakamba kale za ukalamba umene umafufuta zomwe munthu ankadziwa. Ndiye si ufiti ayi. Musaiwale kuti mu Januwale 2016 ku Neno okalamba 4 anaphedwa powaganizira ufiti. Mphekesera za pa mpopi zimatha kufika pamenepo.

Nazi zomwe taphunzira pakhomo pathu.

Choyamba, madzi. Wodwala chotere amaiwala ludzu, kapena sadziwa kulinena. Musadikire kuti apemphe. Ife timawapatsa kapu nthawi ya Swala iliyonse ndi pa chakudya chilichonse, zimakwana makapu 6 mpaka 8 patsiku. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa.

Chachiwiri, istinja. Tizilombo ta E. coli timene timayambitsa matendawa kawirikawiri timachokera m'chimbudzi cha munthu yemweyo, ndipo njira ya mkodzo ya mayi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4. Choncho posambitsa muziyambira kutsogolo kupita kumbuyo, osabwerera. Madzi oyera ndi okwanira, sopo wonunkhira asiyeni, kenako umitsani bwino.

Chachitatu, aperekezeni kuchimbudzi maola 2 kapena 3 aliwonse, komanso asanagone. Mkodzo wokhalitsa m'chikhodzodzo umaswetsa tizilombo. Thewera likanyowa lisinthidwe pompo. Kudzimbidwa nakonso kumalepheretsa mkodzo kutuluka wonse, ndiye masamba ndi papaya zisamasowe. Ngati ali ndi shuga, ayezedwe pafupipafupi.

Chachinayi, akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, thupi likatentha, kapena akamalira pokodza, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Osangogula Bactrim pa golosale. Mankhwala omwa mwachisawawa amalimbitsa tizilombo, mawa osamvanso mankhwala. Omwe adokotala apereka amwedwe monga alamulira.

Tsiku lina mpopi utauma, ndinapeza agogo aamuna atabisa chigubu kuseri kwa chitseko. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, nanga inu wudhu muchita ndi chiyani?" Anangoti, "Iwe mwana, ine Allah anandipatsa tayammum. Agogo akowa alibe china." Ndinaphunzira Surah Ar-Rum ayah 21, ija ya chikondi ndi chifundo m'banja, ndili wamng'ono, koma tanthauzo lake ndinaliona tsiku limenelo.

Koma tinene zoona, agogo aamuna nawonso akutopa. Msana ukuwawawa, usiku sagona. Apa ndi pamene ife achinyamata tikufunika. Timatha maola pa WhatsApp tikutsutsana za fiqh ya twahara, koma chidebe cha agogo osachigwira. Mlongo, ukhoza kuwasambitsa agogo aakazi utavala magolovesi, uku ukuwafunditsa chitenje kuti ulemu wawo usachoke. M'bale, tunga madzi, chapa zofunda, khala pakhomo kuti mkuluyo akapemphere Jumu'ah mtima uli m'malo.

Sabata ino, funsa kwanu kuti amene akusamalira wodwala anapuma liti. Kenako tenga tsiku limodzi.

Allah achiritse odwala athu, alimbitse owasamalira, ndipo ife tikadzakalamba atipatse manja achifundo otisamalira. Ameen.