Amayatsa nyali ndani?

M'galimoto zakale, monga Land Rover kapena Peugeot 504, njira ya magetsi inkaoneka ndi maso. Waya ankachoka ku batire, kudutsa pa fyuzi, kufika pa swichi, n'kukathera ku babu. Dalaivala akakankha swichi, tizitsulo tiwiri tinkakhudzana ndipo moto unkadutsa pansi pa chala chake penipeni. Nyali ikakana kuyaka, makaniko ankangolondola waya ngati mlenje pa mapazi a nyama mpaka atapeza poduka.

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene amadutsa pa Zalewa ndi kunyamula anthu ku Lisungwi, ma Sienta, ma Freed ndi ma Note, sanapangidwe motero. Mkati mwake muli timabokosi tambiri ta magetsi, tomwe amakaniko amangotitchula onse kuti kompyuta bokosi. Kena kamayang'anira injini, kena mabuleki, kena giya, ndipo kena kali ndi nyali, zitseko, mawindo ndi hutala. Swichi ya dalaivala sinyamulanso moto wa babu. Imangouza kabokosi kuti munthu akufuna kuwala. Kabokosiko kamafalitsa uthengawo, ndipo kamene kali ndi udindo wa nyali kamayamba kaona ngati malamulo amene kanapatsidwa akulola, kenako n'kutsegula njira ya moto.

Timabokosito timalankhulana pa mawaya awiri opotana ngati chingwe cha khonje. Njira imeneyi imatchedwa CAN. Kampani ya Bosch ya ku Germany inayamba kuikonza mu 1983 n'kuionetsa ku Detroit mu 1986, ndipo Mercedes-Benz inaiika m'galimoto zogulitsa mu 1991. Malole akuluakulu, ngati amene amalowera pa chipata cha Mwanza kuchokera ku Tete, ali ndi mtundu wawo wotchedwa J1939, pamene maboti ali ndi NMEA 2000. Pa boti lamakono, pampu yopopa madzi olowa, nyali zapamtengo ndi firiji zimalumikizidwa ku timabokosi tomwazidwa m'malo osiyanasiyana, m'malo moti chilichonse chikhale ndi waya wakewake wautali wopita kwa woyendetsa. Phindu lake n'lodziwikiratu: mkuwa wochepa, kulemera kochepa, ndi malo ochepa oti dzimbiri lidye.

Pa mawaya awiriwa palibe mfumu. Uthenga sulembedwa dzina la woulandira, umangokhala ndi nambala yosonyeza nkhani yake, ndipo timabokosi tonse timaumva, kalikonse n'kutolapo zokakhudza. Tiwiri tikayamba kulankhula nthawi imodzi, uthenga wa nambala yaing'ono ndiwo umapitirira, winawo umakhala chete n'kudikira mpata. Opanga amapereka nambala zazing'ono ku nkhani zosachedwetsa. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti kabokosi kalikonse kamadziwerengera zolakwa zake. Kakalephera kutumiza bwino uthenga kamadzionjezera 8, kakatumiza bwino kamachotsa 1, ndipo chiwerengero chikapitirira 255 kamadzichotsa kokha pa bwalo kuti kasasokoneze anzake. Pa misonkhano ya anthu khalidwe lotere ndi losowa.

Apa ndiye pali funso limene ndi lakale kuposa galimoto. Ngati chala chakankha swichi koma moto sunadutse pa chalapo, amene wayatsa nyali ndani? Ndipo munthu akachita chinthu kudzera mwa ena amene angathe kumukanira, ntchitoyo ndi yakebe?

Katswiri wa Chisilamu al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anatsutsa anzeru a nthawi yake pogwiritsa ntchito chitsanzo cha moto ndi thonje. Iye anati maso amaona thonje likupsa pamene lakhudzana ndi moto, koma saona kuti moto ndiwo mwini wake wa kupsako. Wochita weniweni ndi Mulungu, amene anazolowetsa dziko kuti ziwirizi zizitsatana, ndipo atafuna thonje likhoza kukhudza moto osapsa. Ibn Rushd wa ku Cordoba anamuyankha kuti kukana mphamvu zimene zinthu zili nazo n'kugwetsa nzeru zonse, chifukwa moto wosawotcha sungatchedwenso moto. Patapita zaka pafupifupi mazana asanu, wansembe wa ku France Nicolas Malebranche, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1638 mpaka 1715, anabweretsa nkhani yomweyo m'thupi la munthu. Anati munthu amakweza mkono koma sadziwa n'komwe mitsempha imene yagwira ntchitoyo, choncho kufuna kwake ndi mpata chabe umene Mulungu amakwezerapo mkonowo.

Galimoto yakale inali mboni ya Ibn Rushd: khudzitsa tizitsulo, moto udutsa, palibe wokambirana naye. Yatsopano ikuoneka ngati inapangidwa kuti ionetse zimene al-Ghazali ankanena. Pakati pa swichi ndi nyali palibe chomangiriza chachibadwa. Pali chizolowezi cholembedwa, ndipo wolemba akhoza kuchisintha kuti swichi yomweyo iziliza hutala. Kukana nako kumachitikadi tsiku ndi tsiku. Chitseko chotsetsereka chamagetsi sichitseguka galimoto ikuthamanga ngakhale wokwera akankhe batani kakhumi. Kiyi wodulitsa pamsika, wopanda kachipangizo kamkati kodziwika ndi kabokosi, amatembenuka bwinobwino koma injini osalira. M'galimoto zina ndi m'maboti, batire likafooka timabokosi timayamba kuzimitsa zinthu zosafunika kwenikweni kuti zofunika zitsale. Anthu a ku Neno, amene ali pafupi ndi malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani pa Shire koma amadziwa bwino za kuzima kwa magetsi mosinthana, safunika kuwafotokozera kuti posankha woyamba kuzimitsidwa pamakhala munthu amene wasankha.

Komatu fanizoli lili ndi malire, ndipo malirewo ndiwo ofunika kwambiri. Mulungu wa al-Ghazali amafuna mwaufulu nthawi iliyonse. Kabokosi sikafuna kanthu. Kukana kwake ndi maganizo a munthu wina, amene anakhala pa desiki ku Japan kapena ku Germany zaka zambiri zapitazo n'kuganizira zimene dalaivala angadzapemphe ndi zimene sayenera kupatsidwa. Munthuyo sakudziwa Lisungwi, sakudziwa kutentha kwa kumunsi kwa Neno mu Okotobala, fumbi lake, kapena msewu wokwera kupita ku boma nthawi ya dzinja. Koma chifuniro chake chili m'galimotomo, chouma ngati nsomba ya pa thandala, ndipo pa nkhani zina chimaposa cha mwini galimoto. Komanso mkati mwa kabokosimo Ibn Rushd akadali wolondola, pakuti kachipangizo kotsegula njira ya moto kamagwira ntchito motsata chibadwa cha magetsi, osati mwa kufuna kwa aliyense. Chimene chasintha si chilengedwe ayi, koma kuchuluka kwa anthu amene aima pakati pa chala ndi babu.

Kwa anthu a kuno maganizo oti chinthu chachikulu sichichitika mwachindunji si achilendo. Mnyamata safunsira mbeta n'kumaliza yekha, pamakhala ankhoswe. Wodandaula safika kwa mfumu yaikulu Symon kapena Mlauli osadzera kwa nyakwawa. M'chipembedzo cha makolo, chilala chikavuta anthu ankathira nsembe kwa mizimu kuti iwapemphere kwa Chauta, ndipo ku Khulubvi ku Nsanje kachisi wa Mbona akadalipo. Onse ankadziwa kuti nsembe ndi pempho, mvula ikhoza kubwera kapena ayi. Apa m'pamene pemphero limasiyanirana ndi matsenga: wamatsenga amakhulupirira kuti akachita mwambo molondola zotsatira zilibe kuchitira mwina, pamene wopemphera amavomereza kuti angakanidwe. Swichi yakale inali ya mtundu woyambawo. Yatsopano ndi ya wachiwiri, kungoti woyankha pempholo alibe chifundo kapena mkwiyo, ali ndi mndandanda wa malamulo basi.

Ngakhale chala chimodzi sichiswa nsabwe, bwalo la milandu silinalekepo kufunsa mwini chala. Wotuma mnzake kukaba samasulidwa chifukwa choti sanagwire katundu ndi manja ake. Chimodzimodzi dalaivala amene wapempha galimoto kuti ithamange ndipo yamvera, ngozi ikachitika sangaloze kabokosi. Kukhala ndi am'khalapakati sikuchotsa mlandu pa wopempha. Chimene kumachita n'kuwonjezera oyankha. Chilamulo cha Mose chinkadziwa zimenezi. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba ya denga lafulati akulamulidwa kuika kampanda m'mbali mwake kuti munthu akagwa magazi asakhale pa nyumbayo, ndipo pa Eksodo 21 mwini ng'ombe yogunda anthu amapatsidwa mlandu waukulu ngati ankadziwa khalidwe lake koma osaitsekera. M'malamulo onse awiriwa wolakwa sanakankhe munthu aliyense. Analephera kuganizira zam'tsogolo pamene anali ndi mpata. Wolemba malamulo a kabokosi ali m'gulu limeneli.

Chitsanzo chodziwika chinachitika mu 2015 ku America. Akatswiri awiri, Charlie Miller ndi Chris Valasek, analowa pa intaneti mu wailesi ya Jeep Cherokee imene mtolankhani ankayendetsa, n'kufika pa mawaya awiri aja. Anayatsa zopukutira galasi, anakweza wailesi, kenako anachititsa kuti galimoto ileke kukoka ili pamsewu waukulu. Kampani ya Fiat Chrysler inaitanitsa magalimoto 1.4 miliyoni kuti akonzedwe. Zinatheka chifukwa CAN, monga inapangidwira poyamba, sifunsa kuti wanena mawuwa ndani. Uthenga ukakhala ndi nambala yoyenera umakhulupiriridwa. Ndi mudzi womangidwa pa chikhulupiriro chakuti aliyense wolankhula pa bwalo ndi mbale, ndipo opanga ake mu 1986 sanaganize kuti mlendo angadzalowere pa zenera la wailesi.

Pa Lisungwi vuto silifika pamenepo. Limakhala madzi amene alowa m'kabokosi powoloka mtsinje wodzaza, pulagi yomasuka ndi mabampu, khoswe amene watafuna waya, kapena batire lolumikizidwa mopingasa pojampitsa. Zizindikiro zake zimasokoneza mutu: dashibodi yonse imayaka, mawindo amaima, injini imakana, chonsecho chovuta n'chimodzi. Makaniko wodziwa amazimitsa zonse, amachotsa batire, n'kugwada pansi pa chiwongolero pamene pali soketi ya mabowo 16. Akaika mita pa bowo la 6 ndi la 14 ayenera kuwerenga ma ohm pafupifupi 60, chifukwa kumapeto onse awiri a mawaya a CAN aja kuli kachipangizo ka ma ohm 120. Akawerenga 120 amadziwa kuti mbali imodzi yaduka. Kupitirira apo pamafunika makina ofunsira timabokosi kuti tinene tokha zimene taona, ndipo nthawi zambiri zikafika potero galimoto imalowera ku Blantyre.

Amene alibe ndalama yoti afike kumeneko amasankha njira yachidule, ya dairekiti. Makaniko amatenga waya ku batire, kuika swichi yapamsika, n'kulumikiza ku nyali kapena ku fani, kudumpha kabokosi. Moto umadutsanso pansi pa chala monga kale, ndipo palibenso wokana. Opanga timabokosi ta m'maboti nawo anavomereza kuti njira yotereyi iyenera kukhalapo, pakuti pakati pa nyanja pampu singadikire kompyuta. Ena mwa iwo anaika malo osunthirapo fyuzi ndi dzanja kuti moto upite mwachindunji. Kusiyana kwake n'kwakuti pa boti fyuzi imatsalapo, pamene dairekiti ya m'mbali mwa msewu kawirikawiri imakhala yopanda fyuzi, kapena fyuzi yake ndi kawaya kokulunga. Fani yolumikizidwa motero imazungulirabe kiyi atazulidwa mpaka batire kutha, ndipo waya akakhuzika pa chitsulo amatentha mpaka pulasitiki kuyaka. Pamenepo wolemba malamulo wa kutali uja wachotsedwamo m'nkhani, ndipo oyankha atsala awiri, amene analumikiza ndi amene anavomera kulipira.