Owerenga mbalame pa Chilwa

Mwezi wa Januwale chaka chilichonse, anthu m'maiko ambiri amalawirira ku madambo ndi ku nyanja kukawerenga mbalame za m'madzi. Ntchitoyi inayamba mu 1967, amaiyendetsa ndi a Wetlands International, ndipo ambiri mwa owerengawo salandira kanthu. Onse amatuluka masabata omwewo kuti mbalame zoyendayenda zisawerengedwe kawiri.

Ndikamva zimenezi mtima wanga umathamangira ku Chilwa, nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi ake. Munthu waima m'mphepete mwa njedza, matope m'miyendo, kabuku m'manja. Akakowa savuta, oyera mbee, angoti duu m'madzi. Atsekwe ndiwo oyesa mtima. Wafika pa makumi atatu, bwato la msodzi latulukira, onse balala m'mwamba, n'kuyambanso pa imodzi. Khamu likakula amawerenga khumi zokha, kenaka diso n'kumayeza kuti timagulu totere tilimo tingati.

Chimandigwira mtima kwambiri ndi mzere wolembedwa 0. Wowerenga wadikira vuwo m'mawa wonse, dzuwa lafika paliwombo, vuwo osaoneka, iye n'kulemba choona: panalibe. Kulemba imodzi yonamizira sikukanavuta, palibe akanamugwira. Koma 0 ameneyo ndiye adzauze anthu a mtsogolo chaka chimene zinthu zinayamba kusintha.

Akuluakulu amati kale mbalame zinkaphimba dzuwa, ndipo ndimawakhulupirira. Kungoti mawu otere sungawaike pafupi ndi za chaka chino n'kuona kuti zapunguka zingati. Mgwirizano wa Ramsar umati dambo losunga mbalame za m'madzi 20,000 kapena kuposa n'lofunika ku dziko lonse lapansi, ndipo Chilwa ndi malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mndandanda wa mgwirizanowu. Kuti zitero, panayenera kupezeka anthu owerenga.

Anthu a m'mbali mwa nyanjayi amatchera mbalame, makamaka nsomba zikasowa. Sindiwaweruza, ana sagonera nsima yopanda ndiwo. Otcherawo ndiwonso akudziwa kumene atsekwe amaikira mazira ndi mwezi umene amaswa. Ndimalakalaka wotchera ndi wa kabuku atamakwera bwato limodzi kawirikawiri.

Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Madzi amabwerera. Ndimafuna kudziwa kuti mbalame zimene zimayamba kubwera ndi ziti, ndipo zimatenga zaka zingati kuti zichulukenso.