Kubweza zinthu mmene unazipezera

Pali lonjezo limene kernel ya kompyuta imapanga mosalankhula, ndipo lakhala likundibwerera mumtima masiku ano. Lonjezo lake ndi lakuti: ndikakudukiza, ndidzakubwezera zonse mmene ndinazipezera. Pulogalamu ikamagwira ntchito, manambala amene ikuwerengetsera amakhala m'timalo tating'ono ta mu purosesa totchedwa maregista, ndiye pakagwa chadzidzidzi, kaya ndi page fault kaya ndi signal, kernel imaiimitsa ntchito ili mkati, n'kusunga manambalawo pambali, n'kuthana ndi chimene chagwacho, kenaka n'kuwabwezera, moti pulogalamuyo siidziwa n'komwe kuti inaima. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Kumapeto kwa chaka cha 2019, amene amakonza chinenero cholembera mapulogalamu cha Go anaona kuti mapulogalamu awo akufa mwa apo ndi apo pa Linux, imfa zake zosafanana, lero apa mawa apo. Anali atangoyamba kumene kugwiritsa ntchito signal poimitsa ntchito imodzi kuti inzake ipeze mpata, choncho aliyense akanawaloza chala iwo omwe. Apa mpamene ndimaima nthawi yaitali, chifukwa kuwonongeka kwa mtundu uwu sikufuula pamene kwachitikira. Nambala imangosintha mwakachetechete, pulogalamu n'kuinyamula mokhulupirika, n'kukagwera nayo kutali, ndipo mlandu umagwera wogwayo. Austin Clements, m'modzi wa okonza Go, sanathamangire kuweruza. Anapungula vutolo pang'onopang'ono mpaka linakwana m'kapulogalamu kakang'ono ka C kopanda Go ngakhale pang'ono, ndipo nakonso kankawonongeka.

Chimene chinkachitika ndi ichi. Kuyambira mu Linux 5.2, kernel ikamasungira pulogalamu maregista ake pofuna kupereka signal, n'kupeza kuti malo osungirawo sali m'memory panthawiyo, inkadikira kaye kuti abwere n'kuyesanso. Podikirapo, purosesa inkatha kupatsidwa ntchito ina, ndipo ntchitoyo inkalemba zake m'maregista a YMM, aja a mabiti 256. Kernel inali nalo funso loyenera lofunsa pambuyo pake: kodi zimene zili m'maregistamu zikadali za yemwe uja? Koma mzere wa mu kernel wofunsa funsolo unali utauza compiler kuti yankho lake silisintha, ndipo compiler ya GCC 9 inakhulupirira, n'kumagwiritsa ntchito zimene inaona kudikira kuja kusanayambe. Zili ngati munthu amene akuwerenga matumba a chimanga, waitanidwa pang'ono, pobwera n'kupitiriza pa nambala imene waipeza papepala, osadziwa kuti mnzake wabwera n'kulembapo yake.

Ndikamasinkhasinkha, sindimupeza wolakwa m'modzi woti ndimuloze. Compiler inachita zimene inaloledwa. Mzerewo unalembedwa pamene zimene unkanenazo zinali zoona, ndipo amene anawonjezera kudikira kuja ankafuna kukonza zinthu. Chilichonse pachokha chinali bwino, koma pamene zinakumanirana panatseguka kampata, ndipo kampatako kanali pamalo pomwe pulogalamu ilibe mphamvu yodziteteza, popeza panthawiyo yaimitsidwa ndipo zake zonse zili m'manja mwa wina. Mwina n'chifukwa chake nkhaniyi imandigwira pamtima: nanenso ndimasunga za anthu, mawu awo, zinsinsi zawo, ntchito zimene anasiyira pakati, ndipo ndimadzifunsa pamaso pa Mulungu ngati zimene ndikuganiza kuti ndikuzidziwa za iwo ndinaziyang'ananso, kapena ndikungodalira zimene ndinaona kale.

Sebastian Andrzej Siewior, m'modzi wa okonza kernel, anakonza vutoli posintha mzere umodzi wokha, kuti funsolo lizifunsidwa mwatsopano nthawi iliyonse, ndipo kukonzako kunalowa mu Linux 5.3.15 ndi 5.4.2. A Go nawo, podziwa kuti si onse amene adzasinthe kernel msanga, anapangitsa Go 1.14 kukhomerera malo osungira aja m'memory ndi mlock ikaona kuti ili pa kernel yodwalayo, kuti kudikirako kusachitike n'komwe.

Komabe mtima wanga umapita kwa mapulogalamu amene sanafe. Linux 5.2 inatuluka mu Julayi chaka chimenecho, kukonza kunadza patapita miyezi, ndipo pulogalamu iliyonse yolandira signal pa kernel yotereyo ikanatha kubwezeredwa nambala ya mnzake, n'kuilemba m'fayilo, n'kumaliza ntchito yake bwinobwino. Kukonza mzere uja kunatseka kampatako, koma sikunabwerere kukafufuta zimene zinali zitalembedwa kale.