Mulungu Sabisala M'mipata ya Fizikisi

Makolo ambiri opemphera amada nkhawa mwana akasankha fizikisi ku koleji, poopa kuti adzabwerako atasiya Mulungu. Nkhawayo ndi yomveka, koma yaloza polakwika. Fizikisi imagwetsa chikhulupiriro cha mtundu umodzi wokha, chija choika Mulungu pamene nzeru za anthu zathera.

Pa koleji yaing'ono, pomwe labotale ili ndi zida zowerengeka, phunziro loyamba kawirikawiri limakhala la chingwe ndi kachitsulo. Wophunzira amangirira kachitsulo ku chingwe chotalika mita imodzi, nkukakankha pang'ono, mnzake ali tcheru ndi wotchi m'manja. Kupita ndi kubwera kumatenga pafupifupi masekondi awiri. Aikepo chitsulo cholemera kawiri, nthawi sisintha. Abwereze mawa, kaya wapemphera kaya wagona osapemphera, yankho ndi lomwelo, ndipo akawerengetsera amapeza 9.8, nambala ya mphamvu yokoka ya dziko imene wa ku Zomba ndi wa ku Tokyo amaipeza chimodzimodzi. Munthu amene wagwira chingwe chotere savomeranso msanga kuti mphenzi yagwera nyumba chifukwa nkhalamba ya kuseri kwa mudzi yaitumiza, ndipo pamenepo mpingo uyenera kukondwa, chifukwa mphekesera zoterozo zaphetsa anthu osalakwa.

Ngozi yoika Mulungu m'mipata inagwira ngakhale Isaac Newton. Atalongosola kayendedwe ka mapulaneti m'buku lake la 1687, anaona kuti mapulanetiwo amakokana okhaokha, choncho anaganiza kuti Mulungu amalowererapo nthawi ndi nthawi kuwabwezera m'njira. Katswiri wina, Leibniz, anamuseka kuti wasandutsa Mlengi kukhala mmisiri wosatha ntchito, wokhalira kukonza wotchi yake. Patapita zaka pafupifupi 100, masamu a katswiri winanso, Laplace, anasonyeza kuti kukokanako kungathe kudzikonza kokha, ndipo mpata uja unatsekeka. Amene anamangira chikhulupiriro pa mpatawo anatsala manja ali m'khosi. Wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, anapewa msampha womwewu. Iye ndiye anasonyeza mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, kenako nkunena kuti chinayambira pa kanthu kochepetsetsa. Koma Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti sayansi yatsimikiza nkhani ya Genesis, Lemaître sanakondwe nazo. Ankadziwa kuti umboni wa lero ukhoza kusinthidwa mawa, ndipo sanafune kuti chikhulupiriro chikwere bwato lomwelo.

Wina anganene kuti uku ndi kuthawa nkhondo chabe: ngati fizikisi ikufotokoza zonse popanda kutchula Mulungu, ndiye kuti Mulunguyo alibe ntchito. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo opemphera asamaikankhire kumbali ndi vesi. Komabe tibwerere ku chingwe chija. Wophunzira amachiyesa kakhumi nkulemba lamulo lokhudza zingwe zonse, za dzulo ndi za mawa, za kuno ndi za ku mwezi. Chimene chamupatsa chilolezo chotere si wotchi yake. David Hume, amene sanali bwenzi la mipingo, anaona kalekale kuti palibe kuyesa kumene kungatsimikize kuti mawa chilengedwe chidzachita monga chachitira lero. Timangodalira kuti chidzatero. Fizikisi imayamba itavomereza kale kuti dziko lili ndi dongosolo, ndiponso kuti mutu wa munthu ungalimvetse. Chifukwa chake zili choncho, labotale siyankha. Izi sizitsimikiza kuti Mulungu alipo, ndipo mlaliki wonena kuti zikutsimikiza akubwereza kulakwa kwa Newton. Zikungosonyeza kuti funsolo likadalipo mayeso onse atatha, ndipo wokhulupirira ndi wosakhulupirira onse ali ndi ngongole yoliyankha.

Choncho makolo, mwana akafuna fizikisi, mulipirireni fizi apite. Akadzabwera pa holide ndi mafunso ovuta, musamuthamangitsire kwa abusa kuti akamuchotse chiwanda. Khalani naye pansi mumve zimene chingwe chamuphunzitsa.