KODI NKHANI YOPEKA YA ZAKALE NDI BODZA?

Pakati pa mabuku amene anthu amakonda kuwerenga pali mtundu wina umene umasautsa Mkristu wosamala. Ndiwo mabuku amene amatenga zinthu zimene zidachitikadi kale, monga nkhondo, njala kapena ulamuliro wa mfumu yakutiyakuti, nalowetsamo anthu amene sadakhaleko konse: mnyamata ndi namwali okondana, mai wamasiye, kapolo wothawa. Wowerenga amakondwa, mwina amagwetsa ndi misozi yomwe, koma akatseka bukulo funso limatsala: kodi limeneli si bodza? Ndipo ngati lili bodza, kodi munthu amene adaphunzira lamulo lachisanu ndi chitatu angathe kukondwera nalo mtima uli m'malo? Funsoli liyenera kuyankhidwa bwino, makamaka ndi aphunzitsi a katekisimu, pakuti kwa iwo ndiko kumene achinyamata amapita ndi mafunso otere.

Augustino Woyera adaphunzitsa kuti munthu amanama pamene anena chimene adziwa kuti si choona, ndi cholinga chakuti anyenge mnzake. Tsono muzu wa bodza ndiwo chinyengo. Agogo akakhala pa moto madzulo nati, "Padangokhala," ana nayankha kuti, "Tili tonse," pamenepo pachitika pangano. Onse adziwa kuti Kalulu salankhula, ndipo palibe amene wanyengedwa. Mneneri Natani adafotokozera mfumu Davide za munthu wolemera amene adalanda kankhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Kankhosako sikadakhaleko, koma tchimo la mfumu lidalipodi, ndipo nkhaniyo idalasa mtima umene mau achindunji sakadaufika msanga. Ambuye Yesu nawonso adaphunzitsa ndi mafanizo, ndipo palibe amene adafunsapo dzina la mudzi wa mwana wolowerera.

Chifukwa chake Akristu ambiri anzeru sadaope kulemba mabuku otere. Mu 1854 Kardinala Nicholas Wiseman adatulutsa Fabiola, nkhani ya namwali wopeka wa ku Roma wokhala pakati pa oyera enieni, monga Agnes ndi Sebastian, pa nthawi ya mazunzo a mfumu Diocletian. Mu 1896 Henryk Sienkiewicz wa ku Poland adatulutsa Quo Vadis, m'mene chikondi cha msilikali Vinicius ndi namwali wachikristu Lygia chimayenda pakati pa Nero, Petulo, Paulo ndi moto umene udaononga Roma m'chaka cha 64. Kwathu kuno Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalandira mphotho mu 1933 chifukwa cha Nthondo, moyo wa munthu wopeka wa m'mudzi wa Achewa pa nthawi imene mishoni idali kulowa m'dziko. Ntara yemweyo adalembanso za Msyamboza, mfumu imene idakhalakodi ku Dowa. Adadziwa kuti nchito ziwirizi n'zosiyana: pa Nthondo adali ndi ufulu wopeka, koma pa Msyamboza adayenera kufunsa amene adamuona.

Komabe nkhani siithera pamenepa, pakuti pali bvuto limene nthano ya pa moto ilibe. Kalulu ndi Fisi alibe adzukulu, koma mfumu yakale ili nawo. Buku likatchula dzina lenileni, phiri lenileni ndi chaka chenicheni, wowerenga amayamba kukhulupirira zonse pamodzi, zoona ndi zopeka zomwe, ndipo pangano lija la "Tili tonse" limaiwalika. Alessandro Manzoni wa ku Italy adaliona bvuto limeneli. Iye adalemba I Promessi Sposi, nkhani ya Renzo ndi Lucia, amphawi awiri amene ukwati wao udaletsedwa ndi munthu wamphamvu mu 1628, nadutsa m'njala ndi m'mliri umene udagwa ku Milan mu 1630. Bukulo lidatchuka kwambiri, koma pambuyo pake mwini wake yemweyo adalemba motsutsa mtundu wonse wa mabuku otere, chifukwa wowerenga sangathe kudziwa pamene choona chathera ndi pamene chopeka chayambira. Nkhawa ya munthu wotere siyenera kunyozedwa.

Kulemera kwa nkhawayi kumaoneka bwino pa malo onga Nayuchi, pa malire a Malawi ndi Mozambique, pakati pa nyanja ya Chiuta ndi nyanja ya Chilwa. M'boma lomwelo la Machinga muli phiri la Chikala, pamene mfumu Kawinga ya Ayao idali ndi linga lake m'masiku a malonda a akapolo, kufikira asilikali a boma la Angerezi adaligonjetsa mu 1895. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi m'zaka zotsatira, Alomwe ambiri adalowa kuchokera kum'mawa pothawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Mu 1970 njanji yochokera ku Nkaya, yooloka Shire pa Liwonde, idafika pa Nayuchi nilunjika ku doko la Nacala. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique, imene idayamba mu 1977 nitha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992, idathamangitsira m'Malawi anthu oposa miliyoni imodzi. Lero adzukulu a ogwira akapolo ndi a ogwidwa, a eni nthaka ndi a obwera, Asilamu ndi Akristu, amagula pa msika umodzi, amakwatirana ndi kulirana maliro.

Tsono mlembi wina atafuna kulemba za namwali wogwidwa natengedwa ku Chikala, ndi za mnyamata amene adamlondola, nkhani yake ikhoza kukhala yokoma ndi yoona pa muzu wake, pakuti anamwali otere adalipo ambiri, ngakhale maina ao adatayika. Mlembiyo ali ndi ufulu wopatsa namwaliyo dzina, nkhope ndi mau. Alibe ufulu wosenzetsa munthu weniweni mlandu umene palibe mboni yakuti adaupalamula, kapena wojambula pfuko lonse ngati zirombo kuti nkhani ikome. Wakufa sangathe kudziyankhira pa bwalo, ndipo manyazi amene apakidwa amagwera ana ake amoyo. Umenewu ndiwo umboni wonama, ngakhale ulembedwe pansi pa dzina la nthano. Koma alibenso ufulu wobisa choipa chimene chidachitikadi pofuna kukondweretsa akuluakulu a lero. Anthu adagulitsidwadi, ndipo kufafaniza misozi yao kuli ngati kuwagulitsanso kachiwiri. Chilungamo chiyenera kufika kwa akufa a mbali zonse.

Wowerenga nayenso ali ndi udindo wake. Poyamba akumbukire kuti buku lopeka si mboni. Asapite nalo pa mlandu wa munda, pa mkangano wa ufumu kapena pa kunyoza mnansi wa pfuko lina. Kachiwiri, buku likamdzutsira njala yodziwa zakale, aithetse njalayo kumene kuli chakudya chenicheni: kwa okalamba a m'mudzi, ndi m'mabuku a mbiri onga Chiikala cha Wayao, limene Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, adalemba nilisindikizidwa ku Zomba mu 1919, kapena Mbiri ya Amang'anja ya E. W. Chafulumira. Ngakhale amenewa awawerenge akudziwa kuti mlembi aliyense amaimira pa chulu cha kwao, ndipo mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi.

Kachitatu ayese chipatso chimene bukulo lasiya mumtima mwake. Ignatius Woyera wa ku Loyola, atavulazidwa pa nkhondo ku Pamplona mu 1521, adapempha mabuku a ngwazi ndi chikondi amene adazolowera, koma m'nyumbamo mudapezeka moyo wa Kristu ndi mbiri za oyera zokha. Ali chigonere adazindikira kuti maganizo ena adali kumkondweretsa pa kanthawi namsiya wouma mtima, pamene ena adali kumsiya ndi mtendere wokhalitsa. Muyeso umenewu ugwira nchito pa buku lililonse. Ngati munthu atseka buku akumvetsa bwino mantha amene adachititsa makolo a mnzake zimene adachita, bukulo lamthandiza. Ngati alitseka ali ndi chidani chatsopano pa anthu amene sadamlakwire, kapena akuona mkazi wake wa m'nyumba ngati wosakwanira poyerekeza ndi namwali wa pa pepala, bukulo lamubera kanthu.

Za chikondi chimene chimadzaza mabukuwa, palibe chifukwa chochitira manyazi, malinga chifotokozedwe mwaulemu. Mabuku a mbiri amawerenga mafumu, nkhondo ndi zaka, ndipo munthu wamba salowamo kawirikawiri. Nkhani ya awiri okondana imambwezera malo ake. Imakumbutsa kuti pa tsiku limene linga lidagwa padali wina amene adali kufunafuna mkazi wake, ndi kuti pakati pa miliyoni ija ya othawa nkhondo aliyense adasiya munda, manda a makolo ndi munthu amene adamkonda.

Motero nkhani yopeka ya zakale si bodza pa iyo yokha, ndipo Mkristu angathe kuiwerenga ndi kukondwa nayo. Imasanduka bodza pamene mlembi aigwiritsa nchito ponamizira akufa, kapena pamene wowerenga aisandutsa mboni yotsutsa amoyo. Ku Nayuchi ndi m'midzi yozungulira akadalipo okalamba amene adaona njanji ikufika ndi othawa nkhondo akuoloka malire. Wachinyamata amene afuna kudzalemba za masiku amenewo achita bwino kukhala pansi ndi iwo akadali moyo, a tsidya lino ndi a tsidya linalo, ndi kumva onse asanagwire cholembera.